Malata a Amayi Ngoma ndi Firiji ya Che Zuberi

Pali uchitsiru wa mitundu iwiri pansi pano. Wina ndi wobadwa nawo, ndipo mwini wake tiyenera kumumvera chisoni. Wina ndi wochita kuuyitanira msonkhano, kuukhalira pansi, ndi kuusankhira wapampando. Wachiwiriwu ndiwo unaswedwa Lachitatu lina masana m'mwezi wa Novembala, kuseri kwa nyumba ya Zelipa wogulitsa mowa ku Kapata, m'tauni ya Chipata, kumene amuna atatu anali atazungulira chidebe cha masese pa nthawi imene anthu aulemu amakhala ali pantchito.

Wapampando anali Jairos Sakala, amene anadzipatsa yekha dzina loti Jenerale, ngakhale kuti nkhondo yokhayo imene anamenyapo inali yolimbana ndi atsekwe a apongozi ake, ndipo anagonja. Wachiwiri anali Andireya Miti, wonyamula anthu panjinga, amene tauni yonse inkamutcha Buleki chifukwa chinthu chimenecho njinga yake inalibe. Wachitatu anali Enoch Ngoma, wotchedwa Pasiwedi, mwana wa malemu kalaliki wa ku boma ndi Amayi Martha Ngoma, mphunzitsi wopuma. Enoch anaphunzira za makompyuta mpaka kulandira pepala lokhala ndi chidindo. Makolo dziwani: pepala limakongoletsa khoma, koma silisankhira mwana anzake.

"Manje mverani, maboyi," anatero Jenerale, akupukuta thovu pandevu. "Kuthyola maloko n'kwa mbava zosapita kusukulu. Ife tiba ngati anthu ophunzira. Pasiwedi, auze."

Enoch anakonza magalasi ake. Chaka chathachi, iye ndiye anakonzera Che Zuberi, mwini sitolo ya zamagetsi ku Down Shops, njira yoti anthu azigulira katundu pa intaneti. Ntchitoyo inatha tsiku limene anapezeka akuliza mkonono m'chipinda chosungira katundu, atatsamira katoni ya mafani. Koma kiyi yachinsinsi ya sitoloyo, mndandanda wautali wa zilembo ndi manambala, inali ikadali m'kope lake.

"Munthu akalipira ndi khadi," anayamba Enoch, "ndalama siifika pomwepo kwa mwini sitolo. Imangovomerezedwa. Banki imaigwira, ndipo mwini sitolo amadzaikoka yekha madzulo."

"Lankhula Chinyanja, iwe," anatero Buleki.

"N'chimodzimodzi mbuzi," analowerera Jenerale. "Waigulitsa, waimangirira pamtengo, wogula waiona, wakhutira, wakupatsa katundu. Koma asanabwere kudzaimasula, iwe wadzera kuseri, wadula chingwe. Mbuzi yabwerera m'khola mwako."

"Nanga chingwecho tidula ndi chiyani?" anafunsa Buleki.

"Kampani yolipitsa ili ndi khomo limene makompyuta okhaokha amalankhulirana," anatero Enoch. "Amalitcha API. Ndikagogoda pamenepo ndi kiyi ya Che Zuberi, n'kunena kuti malipiro akutiakuti athetsedwe, iwo aganiza kuti ndi mwini sitolo wanena. Ndalama ibwerera kwa mwini khadi."

"Firiji yaikulu ija, yonga bokosi," anatero Jenerale, maso ali ngwee. "Ndili ndi wogula kale ku Mchinji. Tikawoloka nayo malire pa Mwami, basi, ndife mabwana."

Panatsala vuto limodzi. Kuti umangirire mbuzi pamtengo, uyenera kukhala nayo mbuziyo, ndipo mwa atatuwa panalibe ngakhale wokhala ndi nkhuku. Maso a Jenerale ndi Buleki anatembenukira kwa Enoch pang'onopang'ono.

"Ayi," anatero Enoch. "Ayi, mudala. Imeneyo ndi ya malata."

Amayi Ngoma anali atasunga penshoni yawo kwa zaka zitatu kuti afolerenso nyumba, pakuti denga lawo linali litasanduka sefa. Loweruka likudzalo ndilo tsiku limene anakonza zokagula malata, mvula isanayambe.

"Ndani wakamba zodya ndalama ya amayi?" anafunsa Jenerale mokhumudwa. "Tingoibwereka chabe. Ituluka m'mawa, ikawongole miyendo, masana yabwerera. Iwo sadzadziwa n'komwe. Ndipo tichita Lachisanu, mdala Zuberi ali kumzikiti, foni atathimitsa. Ine ndaganiza zonse."

Chenjerani ndi munthu wonena kuti waganiza zonse. Amene anaganizadi amakhala chete, chifukwa waona zimene zingalakwike.

Pali chinthu china chimene muyenera kudziwa za Enoch. Malemu bambo ake anatumikira pa desiki ya boma zaka makumi atatu, ndipo anasiyira mwana wawo lamulo limodzi, lokhomeredwa ndi rula pa zala: "Pakamwa pakhoza kuterereka, mwanawe, koma pa fomu sanama, ndipo sasiya mpata wosalemba." Enoch ankatha kunamiza amayi ake akuwayang'ana m'maso. Koma mukamupatsa fomu, dzanja lake linkasanduka mdikoni.

Lachisanu m'mawa, Enoch anatenga khadi m'kati mwa Baibulo la amayi ake, pa Miyambo pomwe, osawerengako ndi vesi limodzi. Anatenganso kafoni kawo ka mabatani, kuti uthenga wa ku banki usawapeze, akunena kuti akukakaika pamoto kwa neba chifukwa magetsi anali atapita. Atakhala pakhonde la kefe ina ya intaneti, kumene anasiya tindalama take tomaliza, analipira firiji. Pa laputopu panalembedwa kuti malipiro avomerezedwa. Mbuzi inamangidwa.

Nthawi itapitirira pang'ono 12 koloko, Che Zuberi anatuluka m'sitolo atavala mkanjo woyera, kulunjika kumzikiti. Jenerale analowa atavala suti yobwereka, imene manja ake anathera pa zigongono.

Pa kauntala anapezapo Mayi Mwasiti, akazi a Che Zuberi. Apa mpamene panali dzenje loyamba la pulani. Jenerale ankakhulupirira kuti sitolo ili ndi mutu umodzi, ndipo mutuwo wapita kukapemphera. Sanadziwe chimene mwana aliyense wa ku Down Shops amadziwa: Che Zuberi ankalonjera makasitomala, koma sitolo inkayendetsedwa ndi Mayi Mwasiti.

"Ndabwera kudzatenga firiji, mama. Talipira pa intaneti," anatero Jenerale, akutchula mawu omalizawo ngati dzina la m'bale wake wolemera.

Mayi Mwasiti anayang'ana pakompyuta. "Martha Ngoma? Aphunzitsi aja? Anandiphunzitsa masamu amenewo. Inu ndinu ndani wawo?"

"Mphwawo. Wa ku Lusaka."

Mayiyo anayang'ana suti, anayang'ana zigongono. "Ku Lusaka nsalu yadula, eti? Chabwino, malipiro avomerezedwa. Tengani. Mukawauze kuti lero n'Lachisanu, timatseka msanga, ndiye bambo akangochoka kumzikiti akoka ndalama nthawi yomweyo. Asadabwe akaona uthenga masana ano."

Madzulo aja anali atasanduka 2 koloko.

Sindidzataya nthawi kufotokoza momwe firiji yotalika ngati bedi inakwerera pa njinga yopanda mabuleki. Ndingoti panali thabwa, malamba a mphira, ndi mawu ena amene sayenera kulembedwa. Buleki anagwira chiwongolero, Jenerale anakankha kumbuyo, Enoch anawapeza pakona atakumbatira laputopu, ndipo ulendo unakwera kulowera ku Kapata dzuwa likuswa mtengo. Anafika kwa Zelipa thukuta lili kamukamu.

"Dula chingwe, Pasiwedi," analamula Jenerale. "Fasti."

Enoch anatsegula laputopu. Anatambasula dzanja. "Bandulo ya intaneti ija, mudala. Munati mugula inu, pokhala msungichuma."

Jenerale anayang'ana kumwamba, anayang'ana pansi, kenako anayang'ana tayi yake yofiira.

"Mwagula tayi?"

"Munthu wa ku Lusaka angalowe m'sitolo khosi lili pamtunda? Ganizani, anthu inu! Yotsalayo ndinalawa nayo masese pang'ono, kulimbitsa mtima."

Onse atatu anapisa m'matumba. Munatuluka batani, chipeso chothyoka, ndi valavu ya njinga. Kafoni ka Amayi Ngoma kanali kongoimbira ndi kuunikira, intaneti sikankaidziwa. Anapempha Zelipa kuti awagawireko ya pafoni yake.

"Foni yanga si mpopi wa kanselo," anayankha mayiyo, osasiya kutsuka zikho.

Enoch anali kuona kale amayi ake ataima pa kauntala mawa lake, wogulitsa malata akupukusa mutu. "Pali malo amodzi chabe amene laputopu iyi imalowa pa waifai popanda kufunsa," anatero ndi mawu aang'ono.

"Kuti?"

"Kwa Che Zuberi. Ndinaika ndine. Imafika mpaka kuseri, pansi pa zenera."

Nkhuku inadutsa, inawayang'ana, inapitirira.

"Thamanga wekha," anatero Buleki.

"Uyu? Yekha?" anatero Jenerale. "Akangoona nkhope ya mayi uja aulula mpaka machimo a agogo ake. Ndipita naye. Iwe sunga firiji."

"Tikabwera tipeza Buleki ali pa Mwami," anatero Enoch.

"Ndiye nditsale ndine, monga mtsogoleri."

Awiri enawo anaseka mpaka kutsokomola.

"Isiyeni pano," anatero Zelipa mokoma. "Koma chilichonse chogona pabwalo panga kupitirira ola limodzi ndimathiramo mowa."

Umu ndi momwe mbava zitatu, zitaba bwinobwino popanda woziletsa, zinamangiranso katundu wakuba panjinga ndi kuyamba ulendo wobwerera naye kumene zinamutenga. Lembani izi pamtima: mbava imatha kukhulupirira mwayi, mankhwala, ngakhale intaneti, koma siingakhulupirire mbava inzake.

Njira yobwerera inali yotsetsereka, ndipo ndakuuzani kale za njingayo. Anthu a m'mbali mwa msewu amasimbabe za firiji imene inadutsa ikuthamanga, amuna atatu akulendewera kumbuyo kwake, wa suti akufuula kuti, "Njira! Njira! Odwala!" Anaima chifukwa cha mulu wa mchenga m'kanjira ka kuseri kwa sitolo. Anatsitsa firiji pansi pa zenera, Enoch naisandutsa tebulo. Nthawi inali itatsala mphindi khumi kuti ikwane 2 koloko.

Laputopu inalowa pa waifai ngati mwana wobwerera kwawo. Zala za Enoch zinavina. Analemba kiyi yachinsinsi. Analemba nambala ya malipiro. Kenako zala zinaima.

"Chavuta n'chiyani?" ananong'ona Jenerale.

"Pali mpata wa chifukwa."

"Dumpha."

"Sizitheka. Ndinakonza ndine kuti pasamadumphike. Ndipo sipalola mawu ochepa."

"Lemba kuti katundu palibe."

"Koma katundu alipo, mudala. Mwamutsamira."

"Lemba kuti wogula wasintha maganizo!"

"Amayi sanasinthe maganizo. Sakudziwa n'komwe."

"Iwe Pasiwedi," anatero Jenerale, mano ali gwa, "waba khadi m'Baibulo. Wanamiza amako m'mawa uno. Manje ukuopa kunamiza kompyuta?"

"Iyi ndi fomu," anatero Enoch, misozi ili lengelenge. "Pa fomu sanama."

Kumzikiti kunamveka phokoso la anthu akutuluka.

"Lemba chilichonse! Lemba chimene ukufuna, bola utumize!"

Enoch anapuma mozama ngati munthu amene wamasulidwa goli. Analemba mofulumira, mosalakwitsa, nadina batani. Panapita kamphindi, yankho linabwera: malipiro athetsedwa.

"Yadulidwa!" anatero Enoch. "Ndalama ya amayi yapulumuka!"

Anakumbatirana. Buleki anavina pang'ono pamchenga. Akale anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, ndipo akalewo sanaonepo intaneti.

Pamwamba pa mitu yawo, m'kati mwa zenera, kanthu kanalira: tswii, tswii, krrrr.

"N'chiyani chimenecho?" anafunsa Buleki.

Nkhope ya Enoch inachita phulusa. "Kamakina ka malisiti. Ndinakonza kuti malipiro akathetsedwa kazisindikiza zonse, ndi chifukwa chomwe. Che Zuberi anandiyamikira kwambiri."

M'katimo, Mayi Mwasiti anang'amba kapepala, navala magalasi, nawerenga mokweza monga mwa chizolowezi chawo:

"Chifukwa: Firiji tatenga ine Enoch Ngoma, a Jairos Sakala ndi Andireya Miti, kuti tikagulitse ku Mchinji osalipira. Khadi ndi la amayi, ndaba m'Baibulo. Ndalama ndi ya malata, chonde ibwerere."

Panja, Jenerale anayang'ana uku ndi uku, kufuna pothawira.

"La haula," anatero Mayi Mwasiti modabwa. "Ndiwaimbire aphunzitsi amve zimenezi." Anadina nambala imene inali pa lisiti.

M'thumba la Enoch, kafoni kanayamba kuimba nyimbo ya m'buku la tchalitchi, mokweza monga momwe amakondera anthu amene makutu ayamba kulemera. Zenera linatseguka. Mayi Mwasiti anasuzumira pansi, naona laputopu, firiji yawo, ndi Enoch akumenya thumba lake ngati lalowa njuchi.

"Masana abwino, mama," anatero Enoch, pakuti analeredwa bwino.

Nthawi yomweyo, kumapeto kwa kanjirako kunatulukira Che Zuberi ndi amuna ena khumi ndi awiri a mikanjo yoyera, akudzera njira yachidule yochokera kumzikiti.

Buleki anadumphira panjinga, napalasa ndi mphamvu zake zonse. Anayenda bwino kwambiri mpaka pamene kanjirako kanakhota. Iye sanakhote. Amayi ogulitsa tomato pakonapo ndiwo anamulandira, ndipo anamusunga mosamala pomukhalira pamsana.

Enoch sanathawe. Anali atanyamula laputopu m'manja, akuitseka motsatira dongosolo, popeza kuithimitsa mwadzidzidzi kumaiwononga.

Jenerale sanaoneke paliponse.

Che Zuberi anawerenga kapepala kawiri, nasisita ndevu. "Enoch, mwana wanga, ndagulitsa katundu zaka makumi awiri. Sindinaonepo mbava yolemba lisiti. Nanga Sakala ali kuti?"

"Pakamwa pakhoza kuterereka," anatero Enoch. "Sindikudziwa, bwana."

"Chabwino. Abale, tandithandizani kulowetsa firijiyi."

Amuna anayi anagwira m'makona. Anakweza, nabweza pansi.

"Che Zuberi," anatero mmodzi, "firiji iyi sinali yolemera chonchi."

Anaonjezera ena awiri, nailowetsa m'sitolo akubuula. Atangoitula, firiji inayetsemula. Mayi Mwasiti anayang'ana m'mphepete mwa chivindikiro, pamene pankalendewera nsonga ya tayi yofiira, natsegula. Jenerale anali atapindika m'menemo ngati nkhuku yoyembekeza Khrisimasi. Ana amene mukuwerenga, musadzayesere zimenezi: firiji si malo obisalamo, ndipo munthuyu anapulumuka chifukwa tayi inaletsa chivindikiro kutsekeka. Imeneyi ndiyo ntchito yokhayo yabwino imene ndalama ya bandulo inagwira.

"Ndimayesa kukula kwake, bwana," anatero Jenerale. "Wogula ayenera kutsimikiza."

"Inachoka yopanda kanthu, yabwera ndi nyama," anatero Che Zuberi. "Koma nyama iyi m'sitolo mwanga siiloledwa. Itulutseni."

Wapolisi atafika anatulutsa buku kuti alembe, koma atawerenga kapepala anabwezera cholembera m'thumba. "Ntchito yatha kale iyi," anatero. "Akanakhala onse akuba motere, bwenzi tikuweruka masana."

Amayi Ngoma anafika pambuyo pake, atatengedwa ndi galimoto ya sitolo. Analowa ndi ambulera yawo yakuda, ndipo ngakhale wapolisi anawongola msana. Anawerenga kapepalako ataima. Sanakuwe. Aphunzitsi enieni sakuwa.

"Mwasiti," anatero, "ndalama yanga ili kuti?"

"Ili bwino, madamu. Sitinaikoke, ndipo sitingathenso. Koma banki ikagwira ndalama siitaya msanga. Ngakhale malipiro athetsedwe, imatha masiku mpaka asanu ndi awiri isanaimasule."

Amayi Ngoma anatembenukira kwa mwana wawo. "Unkadziwa zimenezi?"

"Zinalembedwa kumunsi kwa tsamba, amayi," anatero Enoch. "Sindinafikeko."

Mayiyo anapita pakhomo, nayang'ana cha ku phiri la Kanjala. Mitambo yakuda inali itaunjikana pamwamba pake ngati anthu a pamaliro.

"Che Zuberi, ndikupempha chinthu chimodzi. Awiriwo atengeni. Uyu ndipatseni ine."

"Madamu, kodi si kumufewetsera kumeneko?" anafunsa wapolisi.

"Bwana, nditengeni," anatero Enoch mwamsanga. "Ndine wolakwa. Ndalemba ndekha. Dzina langa ndi loyamba."

Koma Che Zuberi, amene ankawadziwa Amayi Ngoma, anati pokhala mnyamatayo wanena zoona, iye samudandaulira. Tsiku lomwelo Mayi Mwasiti anasintha kiyi yachinsinsi ndi pasiwedi ya waifai, chinthu chimene anayenera kuchita chaka chatha. Eni masitolo, mwamva: wantchito akachoka, musamangolanda kiyi yachitsulo yokha.

Loweruka malata sanagulidwe. Lamlungu masana, anthu akuchoka kutchalitchi, mvula yoyamba inagwa pa Chipata, ndipo inagwa masiku anayi osapumira. Amayi Ngoma sanamenye mwana wawo ngakhale kamodzi. Anangomuthandiza kusuntha bedi lake, nalikhazika pakati pa balaza, pansi penipeni pa chibowo chachikulu koposa zonse. Anamupatsa beseni loti azigwira pachifuwa, ndi kope loti azilembamo nthawi iliyonse imene wakhuthula, ndi chifukwa chake.

Lachiwiri anamutuma kukapereka chakudya kwa anzake kupolisi. Anafika atanyowa mpaka m'mafupa, mano akuwombana. Anapeza Jenerale ndi Buleki atakhala m'chitokosi, akusewera bawo ndi timiyala, zovala zili gwa kuuma.

"Pasiwedi!" anakuwa Jenerale. "Wabwera bwino. Ndaganiza pulani ina, ndipo iyi ndaganiza zonse."

Enoch anayang'ana denga la chitokosicho kwa nthawi yaitali, malata ake osadontha ndi pamodzi pomwe. Kenako anapita pa kauntala, navula chipewa, nafunsa wapolisi mwaulemu wonse:

"Pepani bwana. Munthu akafuna kulowa muno, fomu yake ndi iti?"